Ukaipa Dziwa Nyimbo: Za Mavu a M'dimba Mwathu

Mdzukulu wanga anatulukira kuseri kwa nyumba akuthamanga, dzanja lina muuni wa udzu, lina machesi. Munali mu Seputembala, nthawi ija tchire lonse limakhala litapsa, kamvulumvulu akungozungulira pabwalo, chobiriwira m'mudzi n'kutsala kadimba ka kuseri kokha kamene timathirira ndi madzi a pachitsime.

"Ambuya, kwabwera mavu achilendo! Ngakuda bii, koma kumchira mbee. Amanga pakhoma la khitchini, ndipo akungozungulira mu repu. Ndikawatenthe asanachuluke."

Ndinamufunsa ngati amuluma. Anati iyayi. Nanga aluma ndani? Palibe.

"Tsono ukukawatentha pa mlandu wanji? Ika machesiwo pansi, utenge mipando iwiri. Ngakhale kubwalo kwa mfumu sagamula mlandu asanamve mbali zonse."

Tinakhala pamthunzi wa mpapaya, moyang'anana ndi khomalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sipanapite nthawi, mmodzi anatera pamatope pamene timatsanulira madzi m'makeni. Anakanda dothi ndi kamwa, nalikulunga kukhala kampira kochepa ngati njere ya mapira, n'kuuluka nako kukhoma. Kumeneko anakamata kampira kaja m'mphepete mwa kamphika kamene anali atayamba kale, akuzungulira ndi kusalaza monga amachitira mayi woumba mbiya. Anabwerera kangapo. Kenako anasiya zoumba nalowa m'bedi la repu. Sanatere pamwamba pa masamba ayi. Ankayenda kunsi kwake, tsamba ndi tsamba, tinyanga tikugwedera, ngati munthu wofunafuna singano pamphasa. Mwadzidzidzi anagwira mbozi yobiriwira pakhosi. Mbozi inaphiriphitha, iye n'kupinda mchira, n'kuibaya mbola kunsi kwa mimba. Inangoti zii. Anaikumbatira ndi miyendo, nanyamuka nayo movutikira chifukwa cha kulemera, mpaka kukaikankhira m'kamphika kena kotseguka pakamwa.

Mnyamatayo anali ataiwala za moto. Ndinatenga mpeni n'kubenthula kamphika kamodzi kotsekedwa kale, kuti aone ndi maso ake. Munali mbozi zisanu ndi ziwiri zothinana, zonse zamoyo koma zosatha kukwawa, ndipo pakati pawo kamphutsi koyera kanali kakudya imodzi. Mbola ija sipha mbozi. Imangoipha ziwalo, kuti ndiwo ya mwana isawole kufikira ataimaliza. Mayi wa kamphutsiko amaikira dzira limodzi m'kamphika kalikonse, n'kudzazamo mbozi, n'kumata pakamwa, ndipo mwana akakhuta ndi kukhwima amaboola yekha n'kutuluka ali ndi mapiko.

"Ambuya, ndiye kuti mbozi zonsezi zachoka mu repu wathu?"

"Wanena wekha."

Nkhani imeneyi ndikuilembera inu ana anga a m'boma la Rufunsa, kuyambira ku Chinyunyu mpaka kutsikira ku mlatho wa Luangwa, a kwa Bundabunda, a kwa Mpanshya ndi a kwa Shikabeta. Ine ndinabadwira kum'mawa kwa Achewa, koma ndakalambira kuno m'dziko la Asoli, kuyambira dera lino lidakali mbali ya Chongwe, lisanakhale boma palokha mu 2012. Ndaona madimba akuchuluka chaka ndi chaka. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatiphunzitsa kuti chimanga chikapsa m'munda banja limapulumukira kudimba. Achinyamata ambiri tsopano akulima repu, kabichi, matimati, impwa ndi therere, ena kugulitsa m'mbali mwa Great East Road, ena kukweza mabokosi pa lole kupita nawo ku msika wa Soweto mu Lusaka. Zimenezi zimandikondweretsa. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti dimba la masiku ano lasanduka bwalo la nkhondo, ndipo pankhondoyo tikupha adani ndi abale omwe mosasankha. Chilichonse chouluka, sipuleya. Chilichonse cha mbola, moto.

Mavu si mtundu umodzi, ngakhale makolo amati onse anachita kupangana kuti aning'e pakati. Kuning'ako n'kofanana, koma makhalidwe ndi osiyana ngati a anthu. Aja tinaonera ndi mdzukulu wangawa ndi mavu oumba. Akuda aakulu okhala ndi mchira woyera kapena wofiirira, a sayansi amawaika m'gulu lotchedwa Synagris. Amenewa amakhala okhaokha, mayi aliyense ndi timiphika take. Alibe mfumu, alibe asilikali olondera chisa, choncho alibenso chifukwa chothamangitsira munthu. Ukafuna kuti akulume, uchite kumugwira m'manja kapena kumukhalira. Alipo ena oumba dothi, akuda a miyendo yachikasu, amene amakonda kumata kuseri kwa kabati ndi m'ngodya za nyumba. Iwowo ndiwo yawo ndi akangaude, ndipo nawonso ndi ofatsa.

Ena ndi mavu a chisa. Amenewa amapala ulusi wa mtengo wouma, pansichi kapena pamtanda wa denga, n'kuutafuna ndi malovu mpaka usanduke ngati pepala, n'kumanga chisa cha timabowo cholendewera pa kaphesi kamodzi. Amakhala ambiri pamodzi ndipo chisa chawo amachiteteza. Ndi mwa amenewa muli aja aukali amene anatipatsa mawu akuti waputa mavu nkhomola. Koma ngakhale iwowa, taimani patali muwayang'ane zimene amabwera nazo kuchisa. Amagwira mbozi, n'kuitafuna kukhala kampira kobiriwira, n'kukagawira ana m'timabowo tija kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chisa chimodzi chili ndi pakamwa pambiri podikira chakudya, ndipo chakudyacho chikuchokera m'munda mwanu. Ukaipa dziwa nyimbo. Mavu anaipa mtima, palibe wokana, koma nyimbo yawo ndi imeneyi, ndipo m'dimba mulibe woimba bwino kuposa iwo. Ndi waganyu amene sapempha ndalama, sapempha nsima, sadwala pa tsiku la ntchito.

Tsono tiyeni tinene za mbozi, chifukwa ndi kumene kuli nkhani. Amene munali ndi munda kumapeto kwa 2016 mukukumbukira. Tinadzuka n'kupeza chimanga chathu chaching'ono chili ndi mabowo ngati chawombedwa ndi mfuti ya gogodela, ndipo mumtima mwake, momwe masamba amatulukira, muli zonga utuchi wonyowa. Ena ankati ndi kapuchi yemwe uja, ena ankati ndi ntchemberezandonda zakale zija zimene zimabwera n'kupita. Koma iyi inali mbozi yatsopano yochokera ku America, imene inaoneka koyamba mu Africa kumadzulo, kumayambiriro kwa chaka chomwecho, n'kufika kuno chaka chisanathe. Gulugufe wake amauluka usiku, ndipo usiku umodzi akhoza kudutsa makilomita 100. Wamkazi amaikira mazira m'magulu a 100 kapena 200 nthawi imodzi, ndipo pa moyo wake amapitirira 1,000. Kukafunda, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe woikiranso mazira ndi mwezi umodzi wokha. Zinafika poti mu Disembala Pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu, analamula asilikali a ndege kuti anyamule mankhwala kupita nawo m'zigawo. Chaka chomwecho cha 2016 a matimati nawo analira ndi Tuta absoluta, kambozi kochepetsetsa kolowa m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso.

Kuyambira pamenepo sipuleya inalowa m'nyumba iliyonse, ndipo sindikuimba mlandu munthu. Amene waona chakudya cha ana ake chikutha m'maso muli gwa amagwira chilichonse chili pafupi. Koma patha zaka tsopano, ndipo tiyenera kufunsana: bwanji tikupopera kawirikawiri kuposa kale, koma mbozi sizikutha?

Taganizani mmene mankhwala amagwera. Mbozi ya chimanga yabisala mumtima, yadzitsekera ndi zitosi zake. Ya matimati ili m'kati mwa tsamba, pakati pa khungu la pamwamba ndi la pansi. Ya kabichi yalowa m'mutu. Amene ali poyera ndani? Ndi mavu amene akuyenda tsamba ndi tsamba, ndi njuchi imene ili pa duwa la chibwabwa, ndi kangaude, ndi nyerere. Mankhwala ambiri otsika mtengo amene timagula sasankha. Amayamba kupha amene ali poyerawo, obisala aja n'kutsala. Pakapita masabata awiri mazira atsopano aswa, ndipo ulendo uno m'dimba mulibe mlonda ndi mmodzi yemwe. Mbozi zimaswana mofulumira kuposa adani awo, choncho zimabwerera msanga ndiponso zochuluka. Mlimi aona choncho, awonjezera kachivindikiro kena m'sipuleya. Zimene zapirira mankhwalawo zimabereka ana opirira, mpaka botolo limene linkagwira ntchito chaka chatha chaka chino likhala ngati madzi. Kambozi ka kabichi ndi repu kamadziwika dziko lonse lapansi chifukwa cha kuzolowera mankhwala motere. Walira mvula walira matope. Tinathamangitsa alonda ndi manja athu, lero tikulipira kusitolo ntchito imene ankatigwirira ulere.

Ndipo pali china chimene sindingachibise. Ndaonapo mnyamata akupopera repu madzulo, m'mawa mwake n'kuthyola kukagulitsa kumsewu, akuti kuti aoneke wosaboola. Pa botolo lililonse analembapo masiku oyenera kudikira musanathyole. Amene akagule masambawo ndi mayi wonga amako, akaphikire mwana wonga mng'ono wako. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tsamba limodzi loboola silinaphepo munthu.

Mavu amene mumawaona ndi ochepa poyerekeza ndi amene simuwaona. Kuli timavu tina tochepa kuposa njere ya mawere, topanda vuto kwa munthu, timene timaikira mazira athu m'kati mwa mazira a mbozi kapena m'thupi la mboziyo. Mukadzapeza mbozi yofooka pa tsamba, pambali pake pali tizikwa toyera ngati timbewu ta mpunga, musatiphwanye. Ndi ana a timavu timeneti, ndipo atuluka atamaliza kale ntchito yawo. Kuti mudziwe mphamvu ya timavu totere, funsani akuluakulu a ku Luapula za chinangwa. M'zaka za m'ma 1970 kunalowa mu Africa kachilombo koyera konga ufa, kochokera ku South America, koyamwa nsonga za chinangwa mpaka kupinimbira. Anzathu a ku Malawi amakatcha kodikodi. Kanayambira cha ku Congo n'kufalikira maiko ambiri, kuphatikizapo kuno, ndipo anthu odalira chinangwa anayang'anana ndi njala. Chimene chinawapulumutsa sichinali sipuleya. Akatswiri, motsogozedwa ndi Hans Herren wa ku bungwe la IITA ku Nigeria, anakafufuza kwawo kwa kachilomboko, n'kukapeza mdani wake ku Paraguay: kamavu kochepetsetsa kotchedwa Anagyrus lopezi. Anayamba kukamwaza ku Nigeria mu 1981, kenako m'maiko ena, ndi Zambia yomwe, m'zaka za m'ma 1980. M'malo ena ankachita kuponya timavu timeneti kuchokera m'ndege. Kanaswana kokha, kanafalikira kokha, mlimi osalipira ngwee, ndipo chinangwa chinadzukanso. Herren analandira mphotho ya World Food Prize mu 1995 chifukwa cha ntchitoyo. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ife tili ndi malumo athu akuthwa pakhoma la khitchini, ndipo tikuwatentha.

Ndikaona mkuyu wa kudambo ndimakumbukira mwambi uja wakuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwo ndi woona pa za anthu, ndipo ndaugwiritsa ntchito kambirimbiri polangiza atsikana ndi anyamata. Koma tengani nkhuyu yongopsa kumene muing'ambe, muyang'anitsitse. Tambiri mwa tizilombo timene timayendayenda m'katimo si nyerere, ndi timavu. Maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatsocho, ndipo palibe njuchi ingawafikire. Kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo kothina ka kunsonga, mapiko n'kuthothoka polowapo, katanyamula ufa wa maluwa wochokera ku mkuyu wina. Kamaikira mazira, n'kufera momwemo. Ana ake akakula, aamuna amaboola njira, aakazi n'kutuluka atanyamula ufa kupita nawo ku mtengo wina. Popanda timavu timeneti mkuyu sukhala ndi mbewu zomera. Mthunzi umene timakhalapo pa milandu, nkhuyu zimene mbalame, mileme ndi ana amadya, zonsezo zimadalira kanthu kamene timakapemerera ndi kunyansidwa tikang'amba chipatso. Ine zimenezi ndinazidziwa nditakula kale, ndipo zinandichititsa kuyamba kuopa kupha chinthu chimene sindikudziwa ntchito yake.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mavu okha angathetse mbozi za m'chimanga, kapena kuti mutaye sipuleya kudzala. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndikunena kuti sipuleya ikhale yomalizira, osati yoyambira. Yendani m'dimba m'mamawa kawiri kapena katatu pa sabata, mutembenuze masamba. Mazira mukawaona, aphwanyeni ndi chala. Pa kadimba ka kuseri kwa nyumba, manja a banja limodzi amakwanira kutola mbozi n'kuponyera nkhuku. Mumtima mwa chimanga thirani kadothi, mchenga kapena phulusa, monga achitira ambiri. Zikakula ndithu, pitani kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu mutanyamula tsamba ndi mbozi yomwe, chifukwa safunsa anadya phula. Akuuzeni mankhwala oyenera mbozi imeneyo ndi muyeso wake. Botolo la mzere wofiira kunsi ndi poizoni woopsa kwambiri, lisayandikire ndiwo zamasamba. Musagule mankhwala othiridwa m'kabotolo kopanda chizindikiro, ngakhale atsike mtengo chotani. Poperani madzulo dzuwa litapepa, mavu ndi njuchi zitabwerera kwawo, ndiponso mbozi zitayamba kutuluka kudzadya. Poperani bedi lokhalo limene lagwidwa, osati dimba lonse ndi mpanda womwe. Ngakhale mankhwala a masamba a nimu ndi a mthuthu amene timasinja tokha ndi mankhwala ndithu, nawonso amafuna muyeso.

Komanso waganyu amafuna pokhala ndi pomwera. Mavu okhwima sadya mbozi iwo eni, mbozi ndi za ana. Iwo amamwa timadzi totsekemera ta m'maluwa. Dimba losesedwa mbee, lopanda duwa ndi limodzi lomwe, silisunga mavu. Siyani mitengo ingapo ya repu kapena mpiru ichite maluwa kumapeto kwa bedi, mudzapezanso mbewu. Bzalani mpendadzuwa ndi nandolo m'mphepete. Musagwetse tchire lonse lozungulira dimba. Ndikayenda mumsewu waukulu n'kuona matumba a makala ali ndandanda, kenako n'kuona moto wa mu Okutobala ukunyambita mapiri usiku wonse, ndimadziwa kuti si mitengo yokha imene ikupita. Mukupita njuchi, mukupita mbalame zodya mbozi, mukupita mavu, ndipo zotsalira ndi ife ndi mbozi zokhazokha.

Tsopano ndinene mbali yowawa, chifukwa amene amakuuza zokoma zokha sakukonda. Mavu amaluma, ndipo a chisa amaluma pagulu. Njuchi ikaluma imasiya mbola n'kufa, koma mavu sasiya mbola, mmodzi akhoza kukubaya kangapo. Oluma ndi aakazi okha. Ukaphwanya mmodzi pafupi ndi chisa amatulutsa fungo loitana anzake, n'chifukwa chake wokupiza manja ndi kumenya amalumidwa kwambiri kuposa wochoka mwakachetechete. Kwa anthu ambiri ululu ndi kutupa zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Tsukani ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, vulani mphete ngati ndi padzanja, mwani mankhwala opha ululu, ndipo musakande. Koma alipo anthu ena amene magazi awo sagwirizana ndi ululu wa mavu kapena wa njuchi, ndipo kwa iwowa mbola imodzi ikhoza kupha. Ndinaona ndi maso anga mayi wina wa m'mudzi mwathu atalumidwa pakhosi pothyola mango. Tisanamalize kumufunsa, milomo ndi zikope zinatupa, thupi lonse linatuluka zidzolo, mpweya ukulira ngati mluzu. Ena ankati timufukize, ena ankati timupake dothi. Mwana wake sanamvere aliyense, anamukweza pa njinga yamoto n'kuthamangira kuchipatala, ndipo jakisoni amene anamubaya kumeneko ndi amene anamubweza. Mukaona kutupa nkhope kapena lilime, kubanika, chizungulire, kusanza kapena kukomoka, musadikire kuti tione mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Thamangirani ku chipatala chapafupi, kaya ndi kiliniki ya kwanu kaya ku St Luke's ku Mpanshya. Chimodzimodzi mwana wamng'ono akalumidwa ndi ambiri nthawi imodzi, kapena munthu akalumidwa m'kamwa.

Choncho pali zisa zoyenera kuchotsa. Chisa cha pakhomo lolowera m'nyumba, cha m'chimbudzi, cha m'kalasi, cha pamtengo umene ana amakwera, cha pakhomo pa munthu amene anatupapo kale thupi lonse: zimenezo zichoke, ndipo zichoke zidakali zazing'ono. M'mera mpoyamba. Chisa cha timabowo tisanu chili ndi eni ake awiri kapena atatu, ndipo n'chosavuta. Chikafika kukula kwa chikhatho ndi nkhani ina. Pitani m'bandakucha kudakali chisisira, pamene onse ali pachisa ndipo ndi olefuka. Valani zokwirira thupi lonse, kumutu ndi m'khosi momwe. Ana ndi ziweto zikhale kutali. Madzi a sopo wambiri mukawakhuthulira pachisa amanyowetsa mapiko ndi kuwatsamwitsa, kenako mumadula kaphesi kaja ndi ndodo yaitali. Musakwere pa mpando wogwedera, chifukwa ambiri amene amavulala pa ntchitoyi amavulala ndi kugwa. Ndipo amene anatupapo asayese n'komwe, atume wina. Koma chisa cha pamwamba pa mtengo wa kumapeto kwa dimba, kumene sikudutsa munthu, chakulakwirani chiyani? Auzeni ana kuti pamenepo saponyapo miyala, basi.

Za moto ndiye ndikugwadirani. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Zaka zapitazo bambo wina woyandikana nafe anaona chisa kunsi kwa denga la nkhokwe yake. Munali mu Okutobala, udzu uli gwaa, kamphepo kakuwomba. Anayatsa muuni masana, akuti angowawaula pang'ono. Mmodzi anamuluma pachikope, iye n'kutaya muuni uja m'mwamba. Tinathamanga ndi zidebe mudzi wonse, koma chitsime chinali kutali ndipo madzi akatayika saoleka. Chimanga cha chaka chonse chinanyeka tikuona, fungo la chimanga chokazinga lili tolo m'mudzi, mkazi wake atakhala pansi manja ali kumutu. Mavuwo anauluka, n'kukamanga pa mtengo wapafupi. Chaka chimenecho banjalo linadya za ganyu mpaka masika. Masiku ano ndikumva ena akuthira petulo pachisa n'kuyatsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndimadziwa kuti ena mwa inu powerenga muti nkhalambayi ikuteteza tizilombo chifukwa sinagulepo feteleza pa mtengo wa lero, sidziwa kuwawa kwa bokosi la matimati lokanidwa ku Soweto chifukwa cha kabowo kamodzi. Ndikudziwa, ana anga, ndipo n'chifukwa chake ndikulankhula. Werengani ndalama zimene munataya pa mankhwala dzinja ndi chilimwe chathachi, muyerekeze ndi za zaka zisanu zapitazo, muone ngati mbozi zachepa. Kenako yesani pa bedi limodzi lokha. Musalipopere, muzingotola ndi manja, musiye maluwa m'mbali mwake, ndipo tsiku lina m'mawa mukhale pansi theka la ola muwerenge alendo amene afikepo. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa simufunika kudikira kuti agonere zaka. Milungu itatu ikukwanirani kuti muone nokha.

Mdzukulu wanga uja tsopano ndi amene amayang'anira kadimba ka kuseri. Pothirira amasiya dala kamalo konyowa pafupi ndi chitsime kuti oumba aja apeze dothi lofewa, ndipo anzake akabwera amawatengera kukhoma kukawaonetsa. Dzulo anabwera kudzandiuza kuti a chisa ayamba kumanga pamwamba pa chitseko cha nyumba yogona ana, timabowo tinayi. Tagwirizana kuti tidzuke tambala woyamba, ndipo wakonzeratu chidebe cha madzi a sopo, jekete langa lakale ndi nsungwi yaitali. Timiphika ta pakhoma la khitchini tafika khumi ndi kamodzi. Sabata yatha ambuya ake aakazi ankazira khomalo ndi dothi latsopano, ndipo atafika pamenepo anazira mozungulira, timiphikato n'kutisiya momwe tinalili.